Maso a Felesita ndi mlandu wa mchere

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ana anga, za ubwana wanga ku Ntchisi sindilembapo, poti azakhali anu anakuuzani kale zonse, ndi zina zoti mwini wakene sindizikumbukira n'komwe. Ndiyambira pa ntchito. Nditamaliza maphunziro a zachipatala, boma linanditumiza ku Mulanje, kukachipatala kakang'ono kufupi ndi malire a Mozambiki, chopatuka pamsewu wa ku Muloza. Sindinali dokotala ayi. Ndinali wothandiza dokotala, koma popeza dokotala weniweni kunalibe, dzinalo linagwera ine, pamodzi ndi makiyi, tsache ndi mavuto onse a pamalopo.

Amayi anu anali oyembekezera, ndiye anatsala kumudzi ndi agogo anu. Tinagwirizana kuti adzabwera nyumba ikakonzedwa. Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi, yodontha mwakuti mvula ikamagwa ndinkasuntha bedi ngati munthu wofunafuna malo pamaliro. Abwana anga ankachokera kuboma mwa apo ndi apo. Anali munthu wosangalala, wodziwa kulonjeza. Akatsika m'galimoto ankayang'ana dengalo, n'kupukusa mutu mwachisoni chenicheni, n'kunena kuti malata ali m'njira. Njira imeneyo iyenera kuti inali yaitali, chifukwa mpaka ndinasamuka malatawo asanafike. Mankhwala nawo anali omwewo: asipirini, kolorokwini, jivi wopaka pazilonda, ndi mafuta a m'maso akapezeka. Pofika pakati pa mwezi, theka la mashelefu linkakhala fumbi lokhalokha.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si kusowa kwa mankhwala. Kunali kusowa wocheza naye. M'mawa anthu ankadzaza pakhonde, othyola tiyi, alimi, amayi ndi ana awo. Ikangokwana nthawi yotseka, pamalopo pankati zii. Masiku amenewo munthu sunkalankhula mwachisawawa, ndipo ine ndinachokera chigawo chapakati, kumene anthu ankati n'kwawo kwa akuluakulu a chipani. Ankandiyesa kazitape. Ndikafika pamsika wa Milonde, anthu amene amaseka m'Chilomwe chawo ankasiya, n'kundipatsa moni waulemu kwambiri, ulemu wokuuza kuti pitirira. Nthawi ya chiperoni phiri linkabisika masiku angapo, nkhungu ili pakhomo penipeni, ine ndili ndekha ndi wailesi yotha mabatire. Ndinasungulumwa, ana anga. Ndinafika pomawerenga mokweza mawu a pabotolo la mankhwala kuti ndimveko mawu a munthu.

Munthu amene anandichotsa m'dzenje limenelo anali Zuze. Anabwera atadzitema mwendo ndi chikwanje kumunda wa tiyi, ndipo ndikumusoka anangoyamba kundifunsa ngati kwathu timadziwa bawo kapena timangodziwa fodya. Lamlungu lotsatira anatulukira ndi thabwa la bawo kukhwapa. Anali wa kutsidya kwa malire, dera la Milange, ndipo kuno anali mkamwini, wokhala kwawo kwa mkazi wake monga mwa mwambo wa kumeneko. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chilomwe ndi Chipwitikizi, ndipo ankanditchula kuti a dotolo. Ankati iye sandiopa chifukwa kazitape weniweni sangakhale m'nyumba yodontha chotero. Anandiuzanso kuti tonse awiri tinali alendo, kungoti ine ndinakwatiwa ndi boma, iye ndi mudzi wa eni. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse masana tinkasewera, ndipo ankandidya mopanda chisoni.

Dzinja la chaka chachiwiri

Mkazi wa Zuze anali Felesita, mtsikana wothyola tiyi, wa manja achangu. Tsiku lina m'mawa Zuze anabwera naye atamugwira dzanja, mutu wonse ataufunda chitenje. Kuwala kunkamulasa m'maso. Nyengo imeneyo maso ofiira anali ponseponse, ndipo kumudzi anali atamudonthezera kale madzi a masamba. Koma maso akewo anali a mtundu wina. Analibe manthongo. Nditatseka zenera n'kuunika ndi tochi, ndinaona kufiira kutazungulira mbali yakuda ya diso, ndipo kamwana ka diso kanali kakang'ono, kokhota, kosasuntha. Iye ankati akuona ngati m'nyumba mwadzaza utsi.

Zuze anawonjezera zina zimene mkaziyo ankachita nazo manyazi. Anati wakhala akuwonda, kutopa msanga, kutentha thupi, kumva kuwawa m'nthiti chakumsana, ndiponso kutaya madzi pafupipafupi. Mankhwala a malungo sanathandize. Ndinapempha mkodzo. Kuyeza kwathu kunali kwa manja: kuuthira m'kabotolo kagalasi n'kuuwiritsa pakanyali ka sipiriti. Unachita mtambo woyera, kusonyeza kuti impso zikutaya zimene siziyenera kutaya. Nditauwiritsanso ndi mankhwala ena obiriwira oyezera shuga, unasanduka wachikasu. Magazi munalibe, choncho likodzo ndinalichotsapo. Shuga anali mumkodzomo ndithu, koma munthuyo sankaoneka ngati odwala shuga amene ndinawaonapo. Ndipo maso ndi impso zikugwirizana pati? Mabuku awiri a zachipatala amene ndinali nawo sananenepo kanthu. Ndinawauza mosabisa kuti matendawa andikulira, tipite kuchipatala cha mishoni.

Kumeneko kunali dokotala wachizungu, mayi wachikulire, amene Chichewa chawo chinali cha m'Baibulo, moti akamafunsa za kutsekula m'mimba umangomva ngati akuwerenga Masalimo. Anamugoneka Felesita masabata angapo. Anapeza kuti m'magazi shuga ali bwinobwino, koma impso sizikusefa mokwanira. Anajambula chifuwa, anayeza makhololo, anayeza chindoko, zonse osapezeka. Pomaliza anandiitanitsa. Anati matendawa sanawaonepo ndi maso, anangowawerenga m'mapepala a madokotala ochokera kunja, ndipo ngakhale kunjako ndi osowa. Thupi limadziukira lokha, n'kutupitsa timachubu ta m'kati mwa impso pamodzi ndi m'kati mwa maso. Shuga wa mumkodzo uja ankangodutsa poti timachubuto tinali titalema. Anavomera kuti sangalumbire, koma zina zonse anali atazichotsa, ndipo kudikira kukanamudyera mtsikanayo maso.

Mankhwala ake anali mapiritsi a puredinisoloni ndi madontho a m'maso amitundu iwiri. Mapiritsiwo anali osowa, ndipo dokotalayo anandipatsa ine kuti ndizisunga, ndizimupatsa a sabata imodzi imodzi. Anandiuza zinthu zitatu, ndipo anazibwereza pamaso pa Zuze ndi Felesita. Amwa miyezi yambiri, ndipo tizichepetsa pang'onopang'ono. Akangosiya mwadzidzidzi, maso atsekeka, impso zibwerera m'mbuyo, mwinanso moyo umene utayika. Nkhope idzatupa chifukwa cha mapiritsiwo, asadzadabwe. Ndipo mchere achepetse kwambiri, kuti madzi asachuluke m'thupi.

Nyengo yokolola, chaka chomwecho

Mankhwalawo anagwira. Chitenje chinachoka kumutu, ululu unatha, ndipo Felesita anayamba kuzindikira anthu asanalankhule. Mkodzo nawo unayamba kuyera ndikauwiritsa. Koma monga ananenera dokotala, masaya anafufuma, nkhope inakhala yozungulira ngati mtanda wa buledi. Ndipo pakhomo pawo, tsiku ndi tsiku, ndiwo zake zinkapatulidwa mchere usanathiridwe.

Inu munakulira m'tauni, ndiye ndifotokoze. Kwathu timati mdulo, kumeneko ankati tsempho. Anthu amakhulupirira kuti mwamuna akayenda ndi mkazi wina pamene mkazi wake akudwala kapena ali ndi mwana wamng'ono, n'kubwera kudzadya nawo, wapakhomoyo amatupa nkhope ndi miyendo, ndipo matendawo amadzera mumchere. Tsono taganizani: mtsikana watupa nkhope, ndipo achipatala eniake aletsa mchere. Kwa amayi ake a Felesita nkhani inali yomveka kale. Ankati ngakhale azungu aona, angochita manyazi kunena. Ndipo mwamuna pakhomopo anali mmodzi yekha, wobwera, wopanda m'bale woti n'kumuikira kumbuyo.

Mwini mbumba anali amalume ake a Felesita, a Likhutcha, amene anagwirapo ulonda kufakitale ya tiyi. Musaganize kuti anali munthu woipa. Anali wofatsa, wolankhula motsitsa, ndipo mwana wa mlongo wawoyo ankamukonda ngati wobereka okha. Ndinapita kwawo kangapo. Ankandipatsa mpando, n'kumvetsera zonse mpaka ndimalize. Ndinafotokoza za mapiritsi, za madzi a m'thupi, ndinawauza kuti dokotala ananeneratu za kutupako kusanayambe. Iwo anandiyankha mwaulemu kuti akumva, koma mudzi wonse ukudziwa amene ndimasewera naye bawo, ndipo munthu sangasiye mnzake akumira. Ubwenzi womwe unandisunga wamoyo kumeneko ndi umene unachititsa kuti mawu anga asalemere kanthu.

Zuze anakana, anakananso, mpaka analumbira. Kukanako n'kumene kunaipitsa zinthu, chifukwa mankhwala a tsempho sagwira wolakwa asanavomere. Ayenera kuulula, n'kuthira yekha kamchere m'mankhwala a zitsamba, n'kumwetsa wodwalayo ndi dzanja lake. Popeza wovomera panalibe, a Likhutcha anagamula kuti Felesita apite kutsidya, kwa sing'anga wina wachibale wa kumapiri a Milange, akaombeze ndi kumuchiza komweko. Sing'angayo ankadziwika kuti salola mapiritsi a kuchipatala pakhomo pake. Kutsidyako nkhondo inali itayamba kale kumveka. Felesita analibe mphamvu zotsutsa amayi ake ndi amalume ake, ndipo ulendo anaupangira sabata yotsatira.

Njira imodzi ndinali nayo, ndipo ndinaiganizira. Ndikanangonong'oneza wapampando wa chipani kuti banja lakutilakuti likukana mankhwala a boma ndipo likufuna kuwolotsa munthu malire, anyamata ake akanafika tsiku lomwelo. Koma ndinkadziwa mafikidwe awo. A Likhutcha akanamenyedwa pamaso pa mbumba yawo, mwina kutengedwa osabwerako, ndipo mudzi wonse ukanaleka kubwera kuchipatala. Njira imeneyo ndinaisiya.

Lamlungu masana Zuze anabwera wopanda thabwa lake. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akuyang'ana kuminda ya tiyi, kenaka anati, "A dotolo, mawa ndikavomera."

Ndinamufunsa kuti akavomera chiyani poti sanachite kanthu.

"Akufuna munthu," anatero. "Akampeza munthuyo, mankhwala apangira pakhomo pomwepo, Felesita sawoloka. Inu mudzabwere, koma mudzakhale chete. Mukadzanditeteza mwamupha."

Ndinakangana naye mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamuuza kuti bodza lotere silichoka pathupi. Iye ankaganiza kuti adzamukalipira, adzalipira nkhuku kapena mbuzi, adzagona kukhitchini mwezi umodzi, zidzatha. Anasekanso, n'kunena kuti mkamwini amazolowera kulakwa, ngakhale mvula ikachedwa amayang'ana iye. Ine sindinaseke. Ndinalibe wina woti ndimufunse nzeru, amayi anu anali kutali, ndipo zotere sizinali zolemba m'kalata masiku amenewo.

M'mawa mwake abale anasonkhana pabwalo la nyumba ya amayi ake a Felesita. Felesita anakhala pamkeka chapambali, nkhope ili fufu, atayang'ana pansi. Zuze anagwada n'kunena kuti mkazi wake ali kuchipatala cha mishoni, iye anapita ku Muloza ndipo anagona ndi mkazi wina wogulitsa nsomba, amene dzina lake sanalifunse. Ananena bwinobwino, mosadodoma, moti ndikanakhala wosadziwa ndikanakhulupirira. Amayi aja anayamba kulira. Kenaka a Likhutcha anatembenukira kwa ine.

"Adokotala, paja inu munkati n'zamapiritsi. Mnzanuyu mumamudziwa. Zimene wanenazi n'zoona?"

Anthu onse anandiyang'ana. Zuze yekha ndiye sanandiyang'ane. Mtima unkandiuza kuti ndiimirire ndinene kuti munthuyu akunama, sanalakwe. Koma ndinayang'ana maso a Felesita, oyera, amene miyezi iwiri m'mbuyomo anali ngati nyama yaiwisi.

"Za kumene Zuze amayenda sindinganenepo," ndinatero. "Changa n'chimodzi. Mapiritsi asadumphe ngakhale tsiku limodzi."

A Likhutcha anavomera mosavuta. Anati poti gwero lapezeka, ulendo wa kutsidya watha, ndipo mankhwala a chikuda ndi a chizungu aziyendera limodzi. Ndinaona zitsamba zimene anaphika, sizinali zoopsa, ndipo mchere wake unali wongotsina. Zuze anauthira, n'kumwetsa mkazi wake ndi chikho.

Chimene tonse awiri sitinachiganizire n'chakuti nthawi yochepetsa mapiritsi inali itakwana. Ndinayamba kuchepetsa monga anandilamulira dokotala, ndipo m'masabata otsatira nkhope ija inayamba kuphwa. Kwa anthu a m'mudzimo umenewu unali umboni wotheratu. Wavomera, wamwetsa, kutupa kwatha. Ndikanati ndichedwetse kuchepetsako kuti ndimuyeretse mnzanga, ndikanavulaza wodwala. Choncho sabata iliyonse ndinkawerengera Felesita mapiritsi ocheperapo, ndikudziwa kuti ndikukhomerera mlandu wa Zuze ndi manja anga.

Nkhuku sinakwane. Amayi ake a Felesita anati sangadyenso mbale imodzi ndi munthu amene anatsala pang'ono kuwaphera mwana, n'kukhala miyezi akukana. Kumpingo anamuimitsa. Kumunda wa tiyi akazi ankamuloza. Mkamwini alibe nthaka yoti aumirirepo, ndiye tsiku lina anamuikira mkeka, khasu ndi zovala zake panja. Anadzera kuchipatala kudzanditsanzika. Sanadandaule. Anangondifunsa kuti mapiritsi atsala a miyezi ingati, ndipo nditamuuza, anati akatha ndidzamuuze Felesita zoona, osati asanathe, kuopa kuti angakaulule n'kuyambitsanso za kutsidya. Anati akakhala kwa m'bale wake kuseri kwa Milange, ndipo akamva kuti zazizira adzabwera. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera ndinatseka chitseko cha chipinda choyezera odwala n'kulira ngati mwana, ine bambo wa ndevu zanga.

Chaka chachitatu

Ndinabwerera ku moyo wanga wakale, koma tsopano unali wowawa kuposa poyamba, chifukwa ndinali nditalawako kucheza. Chodabwitsa n'chakuti anthu anayamba kundimasukira. Ankati adokotala aja ndi munthu, sanabise mnzawo pamapeto pake. Kumsika ankandiwonjezera tomato. Ulemu umenewo unkandinyansa, koma ndinkaulandira, poti ndikanaukana ndikanafunsidwa chifukwa.

Felesita anamaliza mapiritsi mvula itayambanso. Dokotala wa kumishoni anamuyeza n'kupeza kuti impso zabwerera m'malo. Diso lamanzere linatsala ndi kachifunga pang'ono, koma lamanja linkaona ngati kale. Atabwera kwa ine kudzayezetsa komaliza, ndinadikira kuti pakhonde pachepe anthu, n'kumuuza zonse: za Lamlungu lija, za mkazi wa ku Muloza amene kunalibe, za chifukwa chimene ndinakhalira chete. Ndinkayembekeza kuti alira kapena andikalipira. Iye anangokhala, manja ali pamiyendo.

"Ndinkadziwa, adokotala," anatero. "Kumishoni ankagona pakhonde la wodi, ndinkamumva akutsokomola. Amandisambitsa ndi iyeyo, amanditsogolera kuchimbudzi ndi iyeyo. Ku Muloza akanapita nthawi yanji? Tsiku lija ndinafuna kulankhula. Koma nditamva amalume akuti sindipitanso kutsidya, ndinatseka pakamwa. Ndinkafuna maso angawa."

Sindinamuweruze, ndipo mpaka lero sindimuweruza. Tinali anthu atatu odziwa chinthu chimodzi pabwalo lija, aliyense atachisunga payekha.

Anakawauza amalume ake sabata yomweyo. A Likhutcha akuti anakhala tsiku lonse osadya, kenaka anatuma anthu awiri kutsidya kuti akamutenge mkamwini wawo. Anthuwo anabwerako okha. Mudzi wa m'bale wake uja anaupeza wopanda munthu, nyumba zitapsa, ndipo oyandikana nawo anali atabalalika, ena kumapiri, ena kuno.

Ndinakhala ku Mulanje zaka zina zingapo ndisanasamutsidwe. Nkhondo itakula, othawa ankawoloka ambirimbiri, ndipo ambiri ankadzera pachipatala panga ndi zilonda za m'mapazi ndi ana otupikana. Aliyense wochokera dera la Milange ndinkamufunsa za Zuze, wamtali, wa chipsera cha chikwanje pamwendo. A Zuze ankapezeka ambiri, koma osati ameneyo. Felesita sanakwatiwenso nthawi yonse imene ndinali kumeneko. Anabwerera kukathyola tiyi, ndipo masiku amene kwamveka kuti kukubwera gulu lina, ndinkamuona akaweruka ataima m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, dengu likadali kumsana, akuyang'ana nkhope imodzi imodzi. Ankaona bwino ndithu, ngakhale munthu akadali patali. Zuze sanali pakati pawo.